Apopera nyumba koma udzudzu ukuimbabe m'khutu, mankhwalawa ndi enieni?

Mayi_a_Linga
Abale ndithandizeni. Opopera mankhwala a udzudzu anafika kwathu kuno, tinatulutsa katundu yense mpaka mabedi, n'kukhala padzuwa kudikira kuti makoma aume. Usiku womwewo udzudzu unkaimba m'khutu. Kale akapopera, m'mawa mwake tinkasesa mphemvu ndi udzudzu zakufa. Pano ayi. Mankhwalawa ndi enieni, kapena akutithira madzi otsukira mpunga?

Kanyenya77
Madzi otsukira mpunga kkkk. Amayi mwatilankhulira tonse.

Sani_Beach
Ine ndimati amawasungunula kwambiri kuti ena atsale. Palibenso china.

Zaumoyo_Benga
Achimwene a Sani_Beach, mawu amenewo ndi olemera, musamawaponye opanda umboni. Mankhwala anasintha, n'chifukwa chake mukuona kusiyana. Boma lathu lino la Nkhotakota ndi lomwe linayamba kupopera m'nyumba mu 2007, ndipo nthawi imeneyo ankagwiritsa ntchito mankhwala a gulu la pyrethroid, omwe amagwetsa kachirombo pomwepo. Koma udzudzu wa Anopheles funestus, womwe ndi wofalitsa malungo kwambiri m'mbali mwa nyanja muno, unasiya kufa nawo. Anabweretsa Actellic, kenako mankhwala okhala ndi clothianidin. Ameneyu sapha pomwepo. Udzudzu umatera pakhoma, n'kuuluka, n'kukafa mawa kapena mkuja. Ngakhale oyeza mankhwalawa sawerenga udzudzu wakufa pakatha maola 24 okha ngati kale, amadikira maola 72 kapena kuposa.

Chinanso amayi, udzudzu womwe umasokosa m'khutu nthawi zambiri ndi Culex, woswana m'madzi oipa ndi m'zimbudzi. Ndi wouma mutu ku mankhwala koma sufalitsa malungo.

Mayi_a_Linga
Ndiye ukafa mkuja, lero undilume kaye? Phindu lake lili pati abambo?

Zaumoyo_Benga
Udzudzu ukayamwa magazi a munthu wodwala sungapatsire wina tsiku lomwelo. Tizilombo ta malungo timafuna masiku 10 kapena kuposa m'thupi mwake tisanafike m'malovu. Ukafa pa tsiku lachitatu, tizilomboto tafera momwemo. Koma neti musasiye.

Kanyenya77
Poizoni ndi poizoni basi. Wina wachangu, wina waulesi, zimenezo sindikuzimva. Ndipo ngati akupha udzudzu, ife tikugona momwemo sitikufa bwanji?

Aphunzitsi_Bio
Funso limeneli ndi lomwe ndimalidikira. Mundipirire, ndilemba zambiri.

Thupi la udzudzu ndi lathu onse ndi maselo, ndipo selo lililonse lakutidwa ndi kachikopa kamafuta kopyapyala kwambiri. Mchere wosungunuka m'madzi a m'thupi sungathe kudutsa mafuta amenewa. Selo limawononga mphamvu zambiri kupopa mchere wotchedwa sodiyamu kunja ndi kukokera wina wotchedwa potaziyamu mkati, atatu kunja awiri mkati nthawi iliyonse. Zotsatira zake, kunja kuli sodiyamu wochuluka pafupifupi kakhumi kuposa mkati, ndipo mkati mwa selo la minyewa (mitsempha yonyamula uthenga m'thupi) muli magetsi ochepera kunja ndi mamilivoti pafupifupi 70. Sodiyamu akufuna kulowa koma njira palibe.

Njira zake ndi tizipata ta puloteni tomwe tinazikika pa kachikopako. Tina timatseguka magetsi akasintha. Tina timatseguka pokhapokha mankhwala enaake akakhala pa ito, ndipo amenewa ndi omwe m'mabuku amatchedwa ligand-gated channels. Taganizani loko ndi kiyi wake: popanda kiyi woyenera chipata chili chotseka.

Mukafuna kupinda chala, uthenga umayenda m'minyewa mpaka kumapeto. Pamenepo minyewa ndi mnofu sizigundana, pali kampata kakang'ono. Minyewa imatulutsa mankhwala otchedwa acetylcholine, amawoloka kampatako n'kukhala pa tizipata ta mnofu. Kachipata kalikonse kapangidwa ndi zigawo 5 zozungulira bowo, ndipo pamafunika ma acetylcholine awiri kuti katseguke. Katseguka kwa kanthawi kongokwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, sodiyamu n'kukhamukira mkati, magetsi n'kusintha, mnofu n'kukokeka. Nthawi yomweyo enzyme (puloteni yodula mankhwala ena) yotchedwa acetylcholinesterase imadula acetylcholine uja kuti chipata chitsekeke, mnofu upume, udikire uthenga wina.

Udzudzu uli ndi tizipata ta mtundu womwewu, koma mwa iwo tili m'ubongo ndi m'minyewa ikuluikulu. Clothianidin ndi kiyi wabodza. Amakhala pamalo a acetylcholine, koma enzyme ija singamudule. Minyewa imangowombera mauthenga mosalekeza, kenako imatheratu, kachirombo n'kufa ziwalo. Loko wa munthu ndi wa udzudzu amafanana koma si amodzi, ndipo kiyi ameneyu amakwana bwino kwambiri mwa tizirombo kusiyana ndi mwa ife. Ndiye chifukwa chake achimwene a Kanyenya77 mukudzukabe m'mawa.

Kanyenya77
Aphunzitsi mwandibwezera ku Fomu 3 kkkk. Koma ndamva.

Sani_Beach
Ndiye mankhwala onse ophera tizirombo amagwira pa tizipata timeneti?

MwanaWaKoleji
Ayi. Ndipo apa ndi pomwe anzanga ambiri amagwa pa mayeso. Pyrethroid, yemwe ali m'maneti ambiri, amagwira tizipata ta sodiyamu totseguka ndi magetsi, osati totseguka ndi mankhwala. Amatiletsa kutsekeka. Actellic sagwira chipata chilichonse. Iye amamanga enzyme yodula acetylcholine ija, ndiye acetylcholine weniweni amaunjikana n'kumangotsegula tizipata. N'chifukwa chake amasinthasintha mankhwala: udzudzu womwe wapeza njira yopulumukira ku amodzi sunapeze ya enawo.

Aphunzitsi_Bio
Eya. Ndipo funestus wathuyu sanasinthe tizipata take kuti apulumuke ku pyrethroid. Amapanga ma enzyme ambiri ogaya mankhwalawo asanafike pa minyewa. Maneti omwe amati a PBO aja ali ndi mankhwala ena ofooketsa ma enzyme amenewo.

Mlimi_Mwansambo
Pepani ndalowerera. Actellic mukunenayu ndi yemweyu timathira m'chimanga?

MwanaWaKoleji
Mankhwala a mkati ndi omwewo, pirimiphos-methyl, koma kapangidwe ndi mlingo wake n'zosiyana kutali. Wa pakhoma musayerekeze kuthira m'chimanga, ndipo wa m'chimanga pakhoma sangakuthandizeni.

Mlimi_Mwansambo
Chabwino. Nanga ichi: agogo anga ankanyika zinyenyeswa za fodya m'madzi n'kuwaza pa mpiru, nsabwe za m'masamba zonse kufa. Tinkati ndi kununkha.

Aphunzitsi_Bio
Agogo anu ankagwiritsa ntchito chipata chomwechi, madala. Chikonga cha mu fodya chimakhala pamalo a acetylcholine. Dzina la tizipata timeneti m'mabuku ndi nicotinic receptor, ndipo gulu la clothianidin limatchedwa neonicotinoid chifukwa limagwira ngati chikonga. Mu 1905 John Langley wa ku Cambridge anaona kuti chikonga chimakoka mnofu ngakhale minyewa yake itafa, ndipo poizoni wa pamivi wa ku South America wotchedwa curare amaletsa zimenezi. Anati ndiye kuti pa mnofu pali kanthu kolandira mankhwala. Sanakaone ndi maso. Panadutsa zaka zoposa 70, mu 1976, kuti Erwin Neher ndi Bert Sakmann a ku Germany ayeze magetsi odutsa kachipata kamodzi kokha pa mnofu wa chule. Analandira mphoto ya Nobel mu 1991.

Kusiyana kwake n'kwakuti chikonga chimakwana bwino mu loko wathunso. N'chifukwa chake munthu wothyola fodya wonyowa ndi mame amatha kuchita chizungulire n'kusanza, chikonga chalowa pakhungu.

Mlimi_Mwansambo
Zimenezo ndikuzidziwa bwino. Ana aganyu amati awalodza.

Ndudu_Imodzi
Ndiye ife osuta tikudzipopera tokha kkkk

MwanaWaKoleji
Mukuseka koma ndi pomwe pali vuto lanu akulu. Chikonga chikatsegula tizipata ta m'ubongo, maselo ena amatulutsa mankhwala otchedwa dopamine, munthu n'kumva bwino. Chikakhalitsa, tizipatato timagontha, ndipo ubongo umapanga tina tambiri. Mukagona usiku chikonga chimachepa, tizipata tonse tija timadzuka tili opanda kanthu. Ndiyo ndudu ya m'mawa ija simungaidumphe.

Ndudu_Imodzi
Mwana iwe ukundidziwa bwanji

Gogo_Chambo
Inu mukukamba za magetsi m'thupi pomwe ife a ku Chia magetsi a m'nyumba sitikuwaona. Ndipo usipa wakwera bwanji sabata ino? Ndi mwera womwewu?

Sani_Beach
Mwera agogo, mabwato sakulowa. Kuonjezera mwezi ukuwala, usipa subwera ku nyali.

Kanyenya77
Kondowole wa chisoso mpaka mwezi uthe.

Mayi_a_Linga
Abale ine ndinafunsa za udzudzu, mwafika ku usipa?

Mlonda_wa_Bua
Ndibwezereko ku nkhani koma kudzera ku njoka. Mnzanga wina analumidwa ndi mbobo akudula udzu kufupi ndi nkhalango. Mwendo sunatupe kwenikweni. Chomwe chinandiopsa n'chakuti zikope zinayamba kugwa ngati ali ndi tulo, malovu kumangotuluka, mawu osamveka. Anthu ankati musiyeni agone. Mwamwayi panapezeka galimoto. Koma mphiri inaluma m'bale wanga, mwendo unatupa koopsa, iye akulankhula bwinobwino. Njoka zonse ndi zaululu, kusiyana kumeneku kukuchokera pati?

WaKuFiyeta
Ine ntchito yanga ndi yogonetsa odwala pa opaleshoni, ndiye tizipata timeneti ndimasewera nato tsiku lililonse. Ululu wa mphiri umawononga minofu ndi magazi pamalo olumidwa, n'chifukwa chake kutupa. Wa mbobo uli ndi zinthu zingapo, koma zina mwa izo zimakakamira pa tizipata ta acetylcholine ta pa mnofu. Clothianidin uja amatsegula. Za mu ululuzi zimakhala pamalopo osatsegula, ndipo zimatsekereza acetylcholine. Ubongo ukulamula, minyewa ikutumiza, mnofu sukumva kanthu.

Imayamba kufooka ndi minofu ing'onoing'ono: zikope, kumeza, kulankhula. Si tulo ayi. Munthuyo ali maso, akumva zonse zomwe mukunena. Ikafooka minofu yopumira ndiye imfa. Mukaona zikope zikugwa, thamangani nayeni kuchipatala, musataye nthawi ndi kutema mphini kapena kuyamwa bala. Munthu wotere akathandizidwa kupuma ndi kupatsidwa mankhwala othana ndi ululu amatha kuchira, chifukwa mtima ndi ubongo zimakhala zili bwino.

Ife ku fiyeta timachita dala zomwezi. Pofuna kutsegula mimba minofu iyenera kulefuka, ndiye timabaya mankhwala otseka tizipata tomweti, kwinaku tikumupumira wodwalayo. Anayamba ndi curare yemweyo ku Montreal mu 1942. Tikamaliza timapereka neostigmine, yemwe amaletsa enzyme ija kwa kanthawi kuti acetylcholine achuluke n'kulanda malo ake.

Kanyenya77
Iiii ndiye mumatipatsa poizoni wa pamivi titagona?

WaKuFiyeta
Adzukulu ake, kkkk. Koma mlingo tikuudziwa ndipo chopumira chili m'manja.

Aphunzitsi_Bio
Ndiwonjezere kuti njoka zinathandiza asayansi. Ululu wa njoka ina ya ku Taiwan umakakamira zolimba kwambiri pa kachipataka, ndiye anaugwiritsa ntchito pokasaka. Mu 1970 Jean-Pierre Changeux wa ku France ndi anzake anakapatula kuchokera m'nsomba zamagetsi, zomwe zili ndi tizipatati tochuluka zedi. Kanali koyamba kupatulidwa mwa tonse ta mtundu umenewu.

Sani_Beach
Dikirani kaye. A WaKuFiyeta mwati neostigmine amaletsa enzyme. A MwanaWaKoleji anati Actellic amaletsa enzyme yomweyo. Ndiye wina ndi mankhwala, wina ndi poizoni?

WaKuFiyeta
Mwagwira pabwino. Neostigmine amagwira kwa kanthawi n'kusiya. Gulu la Actellic, organophosphate, limamanga enzyme kwa nthawi yaitali. Mwana akamwa mwangozi mankhwala a gulu limeneli, kapena tameki, amabwera ali thovu kukamwa, thukuta, m'mapapo modzaza madzi, minofu ikunjenjemera kenako kufooka. Timabaya atropine. Koma atropine makamaka amaumitsa malovu ndi madzi a m'mapapo, chifukwa amagwira mtundu wina wa zolandirira acetylcholine, zomwe si tizipata. Kufooka kwa minofu sakukhudza. Ndiye makolo, mankhwala a m'munda musamasunge m'mabotolo a zakumwa.

MwanaWaKoleji
Kusiyana kumeneko n'kofunika. Zolandirira zomwe atropine amagwira zimatumiza uthenga mkati mwa selo kudzera m'mapuloteni ena, ndipo zimachedwerapo. Tizipata ta ligand-gated tili ndi malo olandirira ndi bowo pa puloteni imodzi, ndiye palibe wapakati. N'chifukwa chake mukaponda munga mwendo umachoka musanaganize.

Aphunzitsi_Bio
Apo sindikuvomereza kwathunthu mwana wanga. Mwendo umachoka msanga chifukwa uthengawo umakhotera mu msana, sudikira ubongo. Tizipata tachangu tikuthandiza, inde, koma njira yachidule ndiyo nkhani.

MwanaWaKoleji
Aphunzitsi, njira yachiduleyo ili ndi malo olumikizira angapo, ndipo pa alionse pali tizipata timeneti: mu msana timatsegulidwa ndi mankhwala otchedwa glutamate, pa mnofu ndi acetylcholine. Pakanakhala zolandirira zochedwa zija, chidulecho sichikanapindula.

Aphunzitsi_Bio
Zonse ziwiri ziyenera kukhalapo. Koma pa mayeso a MSCE ulembe za msana.

Kanyenya77
Aphunzitsi safuna kugonja kkkkk

Namwino_Usiku
Nonse mukukamba za tizipata toyatsa. Tilipo tozimitsa, ndipo ife timakumana nato kwambiri. M'ubongo muli mankhwala otchedwa GABA. Kachipata kake kakatseguka sikalowetsa sodiyamu, kamalowetsa chloride, ndipo selo limakhala lovuta kudzutsa. Popanda zimenezi ubongo ungamangoyaka paliponse, komwe ndi kukomoka kwa khunyu. Mwana akabwera akugwedezeka ndi malungo aakulu timapereka diazepam. Iye satsegula chipata yekha, amangochititsa kuti GABA akafika chitseguke kawirikawiri. Phenobarbital, yemwe odwala khunyu ambiri amamwa, amachititsa kuti chikhale chotseguka nthawi yotalikirapo.

Ndipo poti muno muli okonda kachasu: mowa umalimbikitsa tizipata ta GABA n'kufooketsa ta glutamate. Munthu akamamwa tsiku ndi tsiku, ubongo umadzikonza, umachepetsa mbali yozimitsa n'kukweza yoyatsa. Akagonekedwa m'chipatala ndi mwendo wothyoka, mowa kulibe, pakapita masiku awiri kapena atatu amayamba kunjenjemera, kuona zinthu zomwe palibe, ena kukomoka kumene. Abale ake amati zachokera kumudzi. Tikawafunsa ngati amamwa amabisa. Musamabise chonde, zimatithandiza kukonzekera. Ndipo mowa ndi diazepam osaphatikiza, zonse zikukankha mbali imodzi, kupuma kumatha kuima.

Ndudu_Imodzi
Lero ndalowa pagulu lolakwika. Fodya andinena, kachasu andinena.

Gogo_Chambo
Mwatsala ndi tiyi achimwene.

WaKuFiyeta
Pa glutamate pomwepo: ketamine, yemwe amatipulumutsa kwambiri m'zipatala za m'maboma, amalowa m'bowo la kachipata kotchedwa NMDA n'kulitseka. Wodwala samva ululu koma nthawi zambiri amapuma yekha ndipo BP siigwa. Ena akamadzuka amalankhula zachilendo, alamu ake n'kumaseka panja.

Aphunzitsi_Bio
NMDA ndi kachipata kodabwitsa. Glutamate yekha sakwanira. Pabowo pamakhala magnesium atatsekapo, ndipo amachoka pokhapokha selolo litayatsidwa kale ndi uthenga wina. Zinthu ziwirizi zikachitikira limodzi kashiamu amalowa, ndipo malo olumikizirawo amalimba. Kuphunzira ndi kukumbukira kumadalira kwambiri zimenezi.

Kanyenya77
Ndiye ine magnesium wanga anakana kuchoka nthawi ya masamu.

Njuchi_ndi_Uchi
Ine nkhawa yanga ndi ina. Tili ndi ming'oma m'mphepete mwa nkhalango. Njuchi ndi kachirombonso, ndiye loko wake ndi wofanana ndi wa udzudzu. Ndinamva kuti ku Ulaya analetsa clothianidin chifukwa cha njuchi. Ife bwanji akutibweretsera?

Zaumoyo_Benga
Mwamva zoona. Mu 2018 mayiko a European Union analetsa kugwiritsa ntchito clothianidin, imidacloprid ndi thiamethoxam pa mbewu za panja. Kumeneko vuto linali loti mankhwalawo amalowa m'chomera chonse mpaka mu mungu ndi timadzi ta m'maluwa. Ife tikupopera khoma la mkati mwa nyumba, komwe njuchi sizikadya. Pomwe pangalakwike ndi potsuka mapampu ndi potaya madzi otsala, n'chifukwa chake pamakhala maenje apadera otsukirapo. Ngati mng'oma uli pafupi ndi nyumba, auzeni opopera asanayambe.

Njuchi_ndi_Uchi
Zapakhoma ndamva. Koma gulu lomweli likugulitsidwa m'mashopu a zaulimi, anthu akupopera tomato ndi nyemba maluwa ali ngwee, masana dzuwa lili pamutu. Za zimenezo palibe akulankhula.

Mlimi_Mwansambo
Pamenepo mwanena zoona, koma mlimi akaona nsabwe saganiza za njuchi za mnzake.

Sani_Beach
Ine ndikadali pa mawu anga. Sayansi yonseyi ndi yabwino, koma siikutsimikiza kuti m'pampu munali mlingo wokwanira.

Zaumoyo_Benga
Pali njira yoyezera. Amamata tizitsekerero pakhoma lopoperedwa, n'kuikamo udzudzu woleredwa womwe amadziwa kuti sulimbana ndi mankhwala, kwa mphindi 30, kenako n'kuwerenga wakufa m'masiku otsatira. Mukakayika, kauzeni a zaumoyo a m'dera lanu kapena amfumu, osati kungokana kutsegula nyumba chaka chamawa. Ndipo musazire kapena kupaka laimu khoma likangopoperedwa, mukukwirira mankhwala.

Mayi_a_Linga
Laimu ndinagula kale, ndimafuna kupaka chikondwerero chisanafike. Ndiye adikire?

Zaumoyo_Benga
Pakani kunja amayi, mkati musiye.

Mbuzi_Khumi
Funso lomaliza kwa aphunzitsi, poti mbuzi sizinatchulidwe. Ivermectin yemwe timabaya mbuzi za njoka zam'mimba naye ali m'gulu limeneli?

Aphunzitsi_Bio
Ali momwemo. Nyongolotsi ndi tizirombo zili ndi kachipata ka chloride kotsegulidwa ndi glutamate, komwe mbuzi ndi anthu alibe. Ivermectin amakatsegula n'kukasiya chotsegula, nyongolotsi n'kufa ziwalo. Ndi yemweyu ankagawidwa m'midzi pothana ndi matenda otupitsa miyendo, ndipo omwe anamutulukira, William Campbell ndi Satoshi Ōmura, analandira Nobel mu 2015. Levamisole, wina wa njoka zam'mimba, amagwira tizipata ta acetylcholine ta pa minofu ya nyongolotsi. Koma wa mbuzi ndi wa mbuzi, musadzibaye.

Gogo_Chambo
Nanga mphemvu zikayamba kufa mkujamo, nkhuku zanga zikatola?

Zaumoyo_Benga
Sesani m'mawa nkhuku zisanatuluke, mukataye m'chimbudzi.

Kanyenya77
Agogo nkhukuzo zikadwala mundiitane, ndili ndi mpeni.

Gogo_Chambo
Iwe udye chisoso chako chomwecho.